Shuga Amene Ndinatula Pakhomo Lolakwika

Anandilanda makina osokera a bambo anga, njinga yawo, ndi malata amene anagula kuti adzafolere nyumba. Anatenga ndi abale awo a bambo omwewo, anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo, ndili Fomu 3 ku Balaka. Ndayamba ndi zimenezi kuti musandidule pakamwa n'kumafunsa chimene chinkandikwiyitsa. Ndinali mnyamata wamkwiyo, basi. Munthu akandipatsa moni ndinkayamba ndamuyang'ana m'manja kuti ndione chimene akufuna kunditengera.

Tsono khalani pansi, ana inu. Iwe Twaibu, foniyo uigoneke chafufumimba. Asiyatu, sendera kuno, usaime pakhomo ngati wabwera kudzapempha mchere. Lero ndikuuzani za ulendo umene ndimaunyadira kuposa maulendo anga onse.

Ku Dubai kuno ndinafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, agogo anu aakazi, mlongo wanga uja, atagulitsa mbuzi zawo kuti ndikwere ndege. Si Dubai mukuiona leroyi ayi. Sitima ija mumakwera popita kusukulu kunalibe. Ku Discovery Gardens kumene kumakhala anzanu kuja kunali mchenga wokhawokha. Ntchito yanga inali yotsuka mapoto m'khitchini ya hotela ina, pansi pa nthaka, kumene dzuwa silinkafika. Mapoto ake ena Asiyatu akhoza kusambiramo. Makina otsukira analipo, koma a mbale ndi matambula okha. Poto wopserera ankafuna munthu, waya wokwechera ndi mkono.

Tinkagona ku Karama, amuna asanu ndi atatu chipinda chimodzi, mabedi osanjikizana, makina oziziritsa akulira ngati chigayo. Kulankhula ndi kumudzi sikunali kwa tsiku ndi tsiku monga mumachitira inu, kuonetsana nkhope mpaka mano. Tinkajambula mawu pakaseti n'kupatsira munthu wopita kumudzi, yankho lake n'kudzabwera anthu atakolola.

Pabedi lapansi pa langa pankagona Brahim, mnzanga wa pasinki. Anali wa ku Morocco, koma ukamutcha Mwarabu ankadzuka ngakhale ali m'tulo. "Ine si Mwarabu! Ndine Berber, eni akefe timati Amazigh. Tili ndi chilankhulo chathuchathu." Tinkamvana m'Chingerezi cha m'khitchini, chothira mawu a Chiarabu paliponse: yalla kunena tiye, khalas kunena basi, habibi kunena mnzanga. Munthuyo sankatseka pakamwa za kwawo. Mirleft, Mirleft. Nyanja yake, mphepo yake, buledi wa mayi ake. Tsiku lina ndinamuuza kuti, "Aise, ngati kwanuko n'kokoma choncho, ukutsukiranji mapoto kuno?" Anakhala chete mpaka mawa lake, kenako anayambiranso.

Zaka ziwiri zikatha kampani inkapereka tchuthi ndi tikiti yopita kwanu. Nthawi yanga itakwana ndinakana. Ndikaonetse chiyani ku Balaka? Manja osupuka ndi sopo? Ndikapereke moni kwa anthu amene akugona pansi pa malata a bambo anga? Brahim, amene tchuthi chake chinali chikadali kutali, anati, "Ndiye pita kwathu, Saidi. Ukadye, ukagone, ukaone ngati ndimanama." Kalaliki wa kampani atamva kuti tikiti ya ku Casablanca ndi yotsikirapo kuposa ya ku Lilongwe, anavomera ndisanamalize kulankhula.

Ndinagula chikwama chakumsana chapakaunjika ku Karama komweko, cha mtundu uja amabereka azungu oyendayenda, lamba mmodzi womanga ndi waya. Brahim anandipatsa kaphukusi ka mayi ake: nsalu yoyera, kabotolo ka mafuta onunkhira, ndi ndolo. Anandipatsanso chithunzi chimene tinajambulitsa tili awiri. Bambo ake anali atamwalira kale, choncho ndinkayembekezera kukapeza mayi ake ndi amalume ake amene ankakhala pafupi. Njira anandilongosolera pakamwa: "Ukatsika galimoto udutse mzikiti, uyang'ane kunyanja. Chitseko chabuluu." Mukuseka chifukwa mafoni anu amakulozerani mpaka kuchimbudzi. Ife mapu athu anali amenewo.

Ana inu, ulendo kukoma! Kuchokera ku Casablanca ndinakwera basi yolowera kum'mwera, mphuno ili pagalasi ngati mwana. Munthu amene wakhala zaka ziwiri pansi pa nthaka akaona phiri amafuna kulipatsa moni. Minda, abulu, midzi ya nyumba zofiirira ngati dothi lake lomwelo. Kenako ndinaona mbuzi zili pamwamba pa mitengo. Usandiyang'ane choncho, Twaibu. Mbuzi, za miyendo inayi, m'nthambi, zikudya zipatso ngati anyani! Ndinakuwa m'Chichewa basi yonse kumva, "Taonani mbuzi!" Mayi wina amene anakhala pambali panga anandipatsa dzira lowiritsa, mwina poganiza kuti ndi njala ikundilankhulitsa.

Nditafika m'tauni yotchedwa Tiznit, yozunguliridwa ndi linga ladothi, ndinakumbukira mwambo wakwathu. Ndinali wamwano inde, koma mayi anga anandilera: pakhomo pa eni sulowa chimanjamanja, umanyamulako shuga. Ndinalowa m'golosale kufuna paketi. Anandionetsa china chimene ndinali ndisanachionepo. Shuga wakumeneko ndi woumba, wolimba ngati mwala, wosongoka pamwamba ngati kachulu, wokutidwa m'pepala labuluu, ndipo amachita kumuswa ndi kahamala. Si tomwe mumang'amba inu m'malesitilanti, timapepala ta shuga wosakwana ngakhale nyerere. Ndinati chigulumwa chimodzi chioneka ngati kuumira, ndinagula ziwiri. Mwini golosale anandiyang'ana, anayang'ana malaya anga atsopano, n'kundigwira chanza ndi manja awiri akumwetulira. Ine ndinati anthu akuno amalemekeza kasitomala.

Kuchokera apo inali takisi, galimoto yakalekale, anayi kumbuyo, awiri pampando umodzi wakutsogolo. Chopukusira mawindo chinali chimodzi galimoto yonse, ndipo dalaivala ndiye ankachisunga. Wofuna mphepo ankachita kupempha, akatsegula n'kubweza.

Kenako nyanja. Ndisanaione ndinayamba ndaimva. Ya kuno ku Dubai ndi madzi ofunda, ogona tulo. Ija inkamenya matanthwe mpaka nthaka kunjenjemera kumapazi, nkhungu ikukwera m'tauni dzuwa lili paliwombo, ine n'kumva kuzizira kwenikweni, kosachokera m'makina. Ndinaima pamsewu n'kumaseka ndekha ngati wamisala.

Ndinadutsa mzikiti. Ndinayang'ana kunyanja. Zitseko zonse zinali zabuluu. Zonse! Brahim ndinamutukwana m'zilankhulo zitatu.

Ndili chiimire choncho kunatulukira bambo wina wachikulire, wa ndevu zoyera zazifupi, atanyamula ndodo ya mbedza yaitali kuposa nsungwi yothyolera mango. Ndinawaonetsa chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Brahim," anatero. Kenako anandigwira pamkono, "Marhba, marhba," ndiko kuti takulandira, n'kundilowetsa pachitseko chimodzi mwa zabuluu zija. Ine ndinati basi, amalume aja ndi amenewa. Dzina lawo linali Da Lahcen, ndipo ankadziwa Chingerezi chothyokathyoka chimene anatola akugwira ntchito m'sitima zapamadzi.

Nsapato tinavula pakhomo. Chipinda chachitali, makalapeti ofiira, mapilo m'mbali mwa khoma. Ndinachita monga timachitira kwathu pamaso pa amalume a mnzako. Ndinanjuta, n'kutula ndi manja awiri zigulumwa ziwiri zija. Kenako kaphukusi, ndipo ndinakamasula kuti aone okha kuti sindinabepo kanthu panjira. Nsalu yoyera, mafuta, ndolo, zonse poyera.

"Zachokera kwa Brahim," ndinatero.

Kuseri kwa katani kunamveka nthungululu. Zenizeni, ngati zakwathu! Ine mumtima ndinati anthu awa shuga amamukonda bwanji.

Da Lahcen sanaseke. "Brahim ndiye wakutuma?"

"Eya, bambo."

"Ndi zonsezi?"

"Zonsezi."

Anatenga shuga uja n'kumuika pashelefu ya m'khoma osamasula pepala. Tiyi anapanga ndi shuga wawo wa m'kabokosi kachitsulo. Tiyi wakumeneko amapanga ndi mwini nyumba, pamaso pa mlendo, wa timasamba tonunkhira, ndipo pothira amakweza ketulo m'mwamba mpaka thovu kudzaza m'katambula, osataya ngakhale dontho.

Za chakudya ndikuchenjezeni, mwina mudzapitako. Anabweretsa beseni, bambo aja okha n'kundithirira madzi m'manja. Kenako buledi wotentha wa mu uvuni wadothi, timbale ta uchi, mafuta a mitengo ija ya mbuzi, ndi china chonga chiponde koma chotsekemera, amati amlou. Ine ndinati nkhomaliro ndi imeneyi, ndinadya ngati ndikulipsira. Nditakhuta mpaka kumasula lamba, anachotsa timbale tija n'kubweretsa mphika wadothi wa chivundikiro chosongoka, muli nsomba, mbatatesi ndi tomato. Kuja konse kunali kungotsuka mkamwa! Tinkadya mbale imodzi, buledi ndiye supuni, aliyense mbali yake, koma bambo aja ankangokankhira minofu yonse mbali yanga. "Kul, kul!" Idya, idya. Ndikati ndipume, kul. Ndikayang'ana kudenga, kul.

Ndili pakati pa nkhondo imeneyo, chitseko chinatseguka mwamphamvu. Analowa mayi wamfupi, wofunda nsalu yakuda, mawu ake aakulu kuposa thupi. Analoza ine, analoza shuga pashelefu, analoza kumwamba, akulankhula osapuma.

"Awa ndi ndani?" ndinafunsa.

"Lalla Ijja. Mayi ake a Brahim."

"Nanga inu si amalume ake?"

"Ine? Ine ndangoyandikana nawo. Kwawo n'kutsogoloku."

"Ndiye mwandilowetseranji muno?"

"Unali pamsewu nthawi ya nkhomaliro."

Anayankha ngati ndafunsa chifukwa chimene madzi amanyowetsera.

Mayi aja anagwira lamba wa chikwama changa kuti andikokere kwawo. Da Lahcen anagwira lamba winayo, uja wa waya. Anati mlendo amene wasamba m'manja m'nyumba mwawo ndi wawo mpaka atagona katatu, ndipo palibe angamutulutse. Anakokana, ine ndili pakati, buledi ali m'manja. Mayi aja anagonja, koma potuluka anandiyang'ana diso limene ndikulikumbuka mpaka lero.

Chakumadzulo ndinapita kukanyumba ka matelefoni, kumene unkaponya makobidi, foni ikuwameza ngati nkhuku ikutola chimanga. Brahim ndinamupeza ali pasinki.

"Aise, njira yako ija ndi yauchitsiru. Ndalowa kwa Da Lahcen."

"Palibe vuto, habibi, ndi munthu wabwino. Wadya?"

"Ndatsala pang'ono kuphulika. Koma mayi ako akwiya. Kaphukusi kaja ndapereka komweko, pamodzi ndi shuga."

"Shuga wanji?"

"Woumba uja. Zigulumwa ziwiri."

"Dikira. Wapereka shuga, nsalu yoyera ndi ndolo kwa Da Lahcen, n'kunena kuti zachokera kwa ine?"

"Nanga zachokera kwa ndani?"

Ndinamva poto akugwa pansi ku Dubai.

"Saidi, wandifunsira mbeta!"

Apa m'pamene zinatuluka. Da Lahcen anali ndi mwana wamkazi, Tamou. Brahim ankamufuna kuyambira ali kusukulu, ndipo mapoto onse aja ankatsukira iyeyo, koma ankaopa kukafunsa asanamange nyumba. Kwawoko shuga yekha ndi mphatso wamba. Koma shuga woumba, nsalu yoyera ndi ndolo, zotulidwa ndi mwamuna wotchena pamaso pa bambo wa mtsikana, ndi unkhoswe. Bamboyo akaswa shugayo n'kupangira tiyi, wavomera. Akamubweza wosaswa, wakana, tauni yonse n'kudziwa, ndipo pakhomo pamenepo sudzafunsanso. Kuwonjezera apo, kunali mwini sitolo wina wa ku Tiznit amene anali atayamba kale kuzungulira pamenepo ndi galimoto yake.

"Khalas," ndinatero, "ndikatenge shugayo, ndinene kuti ndalakwitsa khomo."

"Usayerekeze! Akazi aimba nthungululu?"

"Aimba."

"Ndiye ukakatenga wamuchititsa manyazi Tamou moyo wake wonse. Tamvera, Saidi. Akufunsa za ine. Ukanene kuti ndine supavaiza. Ukanene kuti ndili ndi chipinda changachanga."

"Iwe? Supavaiza wa masiponji?"

"Chonde, m'bale wanga..."

Makobidi anatha.

Masiku otsatirawo ndinkakhala ngati mwana wobadwa yekha, koma maso anga ali pashelefu. Tiyi ankabwera m'mawa, masana, madzulo, ndipo nthawi zonse Da Lahcen ankatsegula kabokosi kawo, shuga wanga ali chikhalire m'pepala lake. Mtima unkagunda ngati ndine wofuna kukwatirayo.

M'mamawa ankanditenga kumatanthwe kukawedza. Kuwedza kwake si kwa bwato. Umaima m'mphepete mwa phompho, mafunde akuphulika pansi pako, mchere ukukulowa m'maso, n'kuponya chingwe. Ndinagwira nsomba imodzi, kansomba, koma anakaonetsa tauni yonse ngati ndapha ng'ona. Wometa anandimeta, ndalama anakana. Kunyumba yosambira ya amuna, chimunthu china chamanja ngati makasu chinandikhula msana mpaka litsiro lonse la ku Karama linatuluka. Ndikamayenda mumsewu anthu ankaumba kachulu ndi manja n'kumandiloza akuseka, kenako n'kundikokera kwawo kukamwa tiyi. Pogona ankandifunditsa mabulangete aubweya olemera ngati thumba la chimanga. Ine, amene ndinazolowera kuti munthu akakupatsa chimodzi akubwera kudzatenga ziwiri, ndinkangodikira nthawi yolipira. Nditayesa kutulutsa chikwama cha ndalama, Da Lahcen ananditembenuzira msana mpaka nditachibweza m'thumba.

Tamou ndinamuona bwinobwino kamodzi kokha, pabwalo lamkati, akutulutsa buledi mu uvuni. Wamtali, maso akuthwa, Chingerezi chakusukulu. Sanataye nthawi.

"Wawonda?"

"Ndani?"

"Ukudziwa."

"Wawonda. Komanso amaliza mkonono."

Anaseka atatseka pakamwa ndi nsalu. Kenako anafunsa, "Iwe tiyi umamwa wa shuga wambiri?"

"Masupuni anayi."

"Zabwino," anatero, n'kulowa m'nyumba. Sindinamvetse. Inu atsikana, Asiyatu, mumabadwa mutadziwa kale zinthu zimene ife timadzazizindikira imvi zitamera.

Tsiku lomaliza la masiku atatu aja linali Lachisanu. Titachoka kumzikiti panabwera mbale yaikulu ya kusikusi, chakudya chawo cha tsikulo, tirigu wonga mchenga wofewa, nyama ya nkhosa ndi maungu pamwamba. Da Lahcen anali ataitana amalume enieni aja, munthu wofatsa amene sanatulutse mawu tsiku lonse. Lalla Ijja anadya ndi akazi anzawo kuseri kwa katani, koma nthawi ya tiyi anatulukira n'kukhala pakona, milomo ili yomanga.

Titasamba m'manja, bambo aja anandiyang'ana.

"Mwana wanga, ndinadziwa tsiku lomwelo kuti unasochera. Koma zinthu zinatulidwa, akazi anaimba, ndiye tiyenera kumaliza. Wobweretsa shuga ndiye amayankha. Brahim amagwira ntchito yanji ku Dubai?"

Mawu akuti supavaiza anafika mpaka pammero. Koma bodza limafuna munthu wodekha, woti azilikumbukira mawa ndi mkuja, ndipo ine kudekha ndinalibe.

"Amatsuka mapoto, bambo. Sinki yake yagundana ndi yanga."

Lalla Ijja Chingerezi sankachidziwa, koma anamva. Anagwira kumutu.

"Ali ndi nyumba?"

"Ali ndi bedi. Lapansi."

"Galimoto?"

"Basi ya kampani."

"Wa ku Tiznit uja ali ndi sitolo ndi galimoto. Mwana wanga ndimuperekerenji kwa wotsuka mapoto?"

Apa mkwiyo wanga uja unadzuka, koma koyamba unadzukira munthu wina osati ine. Ulemu ndinauiwala. Ndinati, "Bambo, nditangofika ku Dubai malipiro anachedwa. Ndinalibe ngakhale ya buledi, ndipo sindinapemphe munthu. Brahim ankanyema buledi wake pakati n'kusiya papilo panga osanena kanthu, ine n'kumamukalipira kuti sindine wopemphetsa. Nditadwala anandipatsa bedi lake chifukwa sindinkatha kukwera langa, n'kumatsuka mapoto anga ndi ake omwe kuti asandichotse ntchito. Sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi. Ine ndinkati ndi wopusa. Ndafika kuno ndaona kuti ndi matenda a tauni yonse ino, ndipo inuyo ndiye mukudwala kwambiri. Wa sitoloyo sindikumudziwa. Uyu ndikumudziwa. Ndatha."

Pankhope pa Da Lahcen sipankawerengeka kanthu. Anakokera thireyi ya tiyi pafupi, anatsuka masamba, anathira madzi otentha, n'kutsegula kabokosi ka shuga.

Munalibe kanthu. Ngakhale kachidutswa. Koma m'mawa womwewo ndinakaona kali kodzaza.

Anaitana kuseri kwa katani. Akazi awo anayankha mofatsa, ndipo bambo aja anandimasulira okha, akukukuta mano: shuga watha m'nyumba. Anati atume munthu kugolosale. Lachisanu masana, konse n'kotseka. Anati akabwereke kwa oyandikana nawo. Yankho linabwera msanga mokayikitsa: msewu wonse shuga watha. Anatembenukira kwa Lalla Ijja. Mayi aja, amene masiku onsewo sankandipatsa moni, anatambasula manja opanda kanthu, maso ali kudenga. Ndipo pathireyi, pafupi ndi dzanja la bambo aja, panali kahamala kamkuwa kamene sindinaone amene anakaikapo.

Ana inu, kumeneko kupatsa mlendo tiyi wowawa n'chimodzimodzi kumuthamangitsa ndi tsache. Bambo aja njira yopulumukira inatsala imodzi yokha: mlendo anene yekha kuti safuna shuga. Anandiyang'ana.

"Mwana wanga, kapena kwanu mumamwa tiyi wopanda shuga?"

Mmalawi woleredwa bwino amati, "Palibe vuto, bambo, ali bwino choncho." Inu nomwe mukanatero, ndimakudziwani.

"Ayi," ndinatero. "Kwathu wopanda shuga timapatsa odwala."

Anandiyang'ana. Anayang'ana katani. Ndevu zija zinayamba kunjenjemera, ine n'kuganiza kuti basi, anditulutsa. Kunali kuseka! Anaseka mpaka kutsokomola, akunena mawu ena m'chilankhulo chawo amene amalume ofatsa aja atawamva anabisa nkhope. Kenako anaimirira, anatsitsa chigulumwa chimodzi, anang'amba pepala, anati bismillah, n'kukweza kahamala.

Phwa!

Nthungululu zake! Zinayambira kuseri kwa katani, zinalumpha khoma, zinayenda denga ndi denga mpaka kunyanja. Lalla Ijja anandigwira makutu onse awiri n'kundipsompsona pamutu, kenako anandimenya kambama kakang'ono, ka ndolo zawo zija. Amalume ofatsa aja analankhula koyamba, koma sindinamve chimene ananena. Tiyi wake anali wotsekemera moti milomo inkamatana. Ndinamwa mpaka ketulo kuuma.

Kanyumba ka matelefoni katatsegulidwa ndinali woyamba pakhomo.

"Aswa!"

Ku Dubai kunamveka phokoso ngati munthu akulira ndi kuseka nthawi imodzi, ophika akumukalipira kumbuyo. Atapeza mawu anafunsa, "Unanena kuti ndine supavaiza?"

"Ndinanena kuti umaliza mkonono."

Masiku otsala a tchuthi ndinagona kwa Lalla Ijja, amene anaganiza zondilanga pondidyetsa kuposa Da Lahcen. Pobwerera chikwama chinkandikokera chagada ndi mabotolo a mafuta ndi amlou, ndipo msewu wonse unandiperekeza mpaka patakisi. Brahim anakwatira chaka chotsatira, tchuthi chake chitakwana. Lero ali ku Mirleft komweko, ali ndi kamalo kowotchera nsomba pafupi ndi nyanja, ndipo mapoto amatsukabe yekha chifukwa akuti ana amasiku ano satha.

Koma pali nkhani imene sinathe. Nditangofika ku Karama ndinamuuza kuti kwathu nkhoswe sabwerako chimanjamanja, amalandira nkhuku yamoyo. Anati inshallah, Mulungu akalola. Chaka chilichonse pa Idi amaimba foni, Tamou akukuwa moni kumbuyo, ine ndimati, "Aise, nkhuku ija?" Iye amati inshallah. Ana awo akula, wina ndi wamtali kuposa iwe Twaibu, koma inshallah sakutha.

Nkhuku imodzi, yamoyo, yathadzi. Sindinakhululuke.